Mitengo ya Galimoto Zakale: Mibadwo ya Ogula ndi Ndalama Zokonzera

Pa 5 May 2022, galimoto ya mtundu wa Mercedes-Benz 300 SLR Uhlenhaut Coupé, yopangidwa m'chaka cha 1955, inagulidwa pa mtengo wa mayuro 135 miliyoni pa okishoni yomwe inachitikira mumzinda wa Stuttgart ku Germany. Galimoto za mtunduwu zinapangidwa ziwiri zokha. Koma Ford Model T, yomwe ndi yakale kuposa Mercedes-Benz imeneyi ndi zaka pafupifupi 30 kapena kuposerapo, nthawi zambiri imagulitsidwa ku America pa mtengo wotsikirapo kuyerekeza ndi galimoto wamba yatsopano. Izi zikusonyeza kuti ukalamba pawokha suyika mtengo pa galimoto. Chimene chimayika mtengo ndi kuchepa kwa galimotoyo, mbiri yake, chiwerengero cha anthu amoyo amene akuikhumba, komanso ndalama zofunika kuti ibwerere pamsewu.

Galimoto imakhala "yakale" liti?

Palibe lamulo limodzi lomwe mayiko onse amatsata. Bungwe la FIVA, lomwe limagwirizanitsa magulu a anthu osunga galimoto zakale m'mayiko ambiri, limawerengera galimoto yomwe yakwanitsa zaka 30 ndipo siigwiritsidwa ntchito pa maulendo a tsiku ndi tsiku. Ku Britain, galimoto yopitirira zaka 40 imatha kukhululukidwa msonkho wa pamsewu, ndipo kuyambira m'chaka cha 2018 zambiri mwa izo sizikakamizidwa kukayesedwa chaka ndi chaka. Ku America kuli lamulo loti galimoto yomwe sinapangidwe motsatira malamulo a dzikolo ingalowe mosavuta pokhapokha itakwanitsa zaka 25. Malamulo otere amaoneka ngati nkhani ya m'maofesi, koma amagwedeza msika, chifukwa chaka chimene galimoto yakwanitsa msinkhu wololedwa, ogula atsopano amatulukira nthawi imodzi.

Mbadwo uliwonse ndi galimoto zake

Amalonda a galimoto zakale anaona kalekale kuti munthu amagula galimoto yomwe ankaisirira ali mnyamata, ndipo amaigula atafika zaka za pakati pa 40 ndi 60, pamene ana akula ndipo m'thumba mwayamba kutsala kanthu. Choncho mtengo wa galimoto umatsika kwa zaka 15 kapena 20 zoyambirira, zambiri zimathera kwa ogula zitsulo, ndipo zochepa zotsalazo zimayamba kukwera mtengo pamene anyamata aja asanduka mabwana.

Ford Model T inapangidwa kuyambira 1908 mpaka 1927 ndipo zinatuluka zopitirira 15 miliyoni. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, anthu omwe anakulira m'galimotozi ndiwo anazisonkhanitsa ndi kuzikonza. Mbadwo umenewo unapita, ndipo mitengo inaima. Galimotoyi njovutanso kuyendetsa kwa munthu wa lero, popeza magiya ake amasinthidwa ndi phazi ndipo moto umawonjezeredwa ndi dzanja, komanso liwiro lake silingapikisane ndi la galimoto za pamisewu ikuluikulu.

Kenaka kunabwera mbadwo wa anthu obadwa pakati pa 1946 ndi 1964, womwe unali waukulu ndi wolemera kwambiri ku America. Iwowa ankafuna galimoto zamphamvu za m'ma 1960 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1970 monga Ford Mustang, Chevrolet Camaro ndi Dodge Charger. Mitengo ya galimotozi inakwera kwambiri cha m'ma 2006 ndi 2007, inagwa pa nthawi ya mavuto a zachuma a 2008, kenaka zosowa kwambiri zinakweranso. M'chaka cha 2014, Plymouth Hemi 'Cuda ya 1971 yotsegula denga inagulidwa madola 3.5 miliyoni a ku America pa okishoni mumzinda wa Seattle. Lero achikulire a mbadwo umenewu ali ndi zaka pafupifupi 80, ndipo ambiri akugulitsa m'malo mogula. Ana olandira chuma cha masiye nthawi zambiri safuna galimoto yodzaza galaja, yomwe imafuna makaniko mwezi uliwonse, choncho amaitengera ku okishoni. Galimoto wamba za m'ma 1940 ndi 1950 ndizo zavutika kwambiri ndi kusinthaku: zilipo zambiri zokongola, koma ozifuna akuchepa.

Obadwa m'ma 1970 ndi 1980 anakula akuonera kanema ndi kusewera magemu a pakompyuta. Gemu ya Gran Turismo, yomwe inatuluka mu 1997, ndi filimu ya The Fast and the Furious ya 2001, zinatchukitsa galimoto za ku Japan zomwe osunga galimoto akale ankaziyang'ana ndi diso lonyoza. Toyota Supra ya 1994 yomwe inagwiritsidwa ntchito m'filimuyo inagulidwa madola 550,000 mu 2021 ku Las Vegas. Nissan Skyline GT-R ya mtundu wa R34, yomwe inayamba kupangidwa mu 1999, sinagulitsidweko ku America ili yatsopano, ndipo mtengo wake unakwera padziko lonse pamene chaka cha 2024 chinkayandikira, chifukwa ndi pomwe zoyambirira zinakwanitsa zaka 25. Ngakhale wogula wa ku Australia kapena ku Britain anayamba kulipira zambiri chifukwa cha lamulo la dziko lina.

Pali gulu laling'ono la galimoto lomwe silitsatira kwenikweni mibadwo. Ferrari 250 GTO, yomwe zinapangidwa 36 zokha pakati pa 1962 ndi 1964, inagulidwa madola 48.4 miliyoni pa okishoni ya ku California mu 2018. Ogula zotere amaziona ngati zithunzi zojambulidwa ndi akatswiri akale, ndipo safunika kukhala oti anaziona zikuthamanga. Cholakwika chomwe ambiri amachita ndi kumva mitengo imeneyi pa wailesi n'kuganiza kuti galimoto iliyonse yomwe yagona pansi pa mtengo wa mango yasanduka chuma.

Pamene msika unagwa

Mitengo simangokwera. Enzo Ferrari atamwalira mu August 1988, anthu ofuna phindu lamsanga anathamangira kugula galimoto za Ferrari, ambiri ndi ndalama za ngongole za kubanki. Ferrari F40, yomwe inali ikadapangidwa, inkagulitsidwanso pa mtengo woposa kawiri wa kufakitale. Chuma chitayamba kuvuta kumayambiriro kwa m'ma 1990, ogula anasowa ndipo mitengo inagwa koopsa. Nkhani yodziwika ya nthawiyo ndi ya Lord Brocket wa ku Britain, yemwe anakonza zoti galimoto zake zinayi ziphwasulidwe ndi kubisidwa, n'kuuza kampani ya inshuwalansi kuti zabedwa, pofuna kulandira mapaundi 4.5 miliyoni. M'chaka cha 1996 khoti linamulamula kukakhala kundende zaka zisanu.

Zofananako, koma zocheperapo, zinachitika posachedwa. Mu 2021 ndi 2022, pamene chiwongoladzanja chinali chotsika ndipo malonda ambiri ankachitikira pa intaneti chifukwa cha mliri wa Covid-19, mitengo inakwera mofulumira. Mabanki atakweza chiwongoladzanja, msika unazizira.

Ndalama zokonzera

Apa ndi pomwe ambiri amatayira chuma. Vuto lake n'losavuta kulimvetsa: ntchito yokonza galimoto yotsika mtengo ndi yokwera mtengo imatenga nthawi yofanana. Kudula chitsulo chodyedwa ndi dzimbiri, kuwotcherera chatsopano, kusalaza ndi kupaka penti, kusoka mipando, kumasula injini ndi kuimanganso, zonsezi zimachitika ndi manja, ndipo kukonza galimoto yonse kuchokera pansi kumatha kutenga maola 1,000 kapena kuposerapo. Mwachitsanzo, ngati galaja ikulipiritsa madola 100 pa ola, ntchito ya manja yokha yafika madola 100,000 masipeyala asanagulidwe. Pa galimoto ya madola 2 miliyoni ndalama imeneyi njochepa. Pa galimoto yomwe ikatha kukonzedwa idzagulitsidwa madola 25,000, mwini wake waluza asanayambe.

Chitsanzo chabwino ndi MGB ya ku Britain. Zinapangidwa zopitirira 500,000 pakati pa 1962 ndi 1980, ndipo masipeyala ake amapezeka mosavuta, moti kampani ya British Motor Heritage imapanga ngakhale bodi yonse yatsopano. Komabe chifukwa galimotozi n'zambiri, mtengo wake ngwotsika, ndipo amene walipira amisiri kuti amukonzere yonse kawirikawiri sabweza ndalama zake. N'chifukwa chake odziwa msikawu amalangiza kugula galimoto yokonzedwa kale, yomwe wina anatayirapo ndalama, kusiyana ndi kugula yowola pa mtengo wotsika. Rolls-Royce Silver Shadow, ya 1965 mpaka 1980, imaphunzitsa zomwezo mwanjira ina: kugula n'kotsika mtengo modabwitsa, koma mabuleki ake amayendera mafuta opopedwa mwamphamvu m'mapaipi ambirimbiri, ndipo kuwakonza kokha kungadye gawo lalikulu la mtengo wa galimotoyo. Msika umadziwa zimenezi, ndipo umachotseratu ndalamazo pa mtengo wogulira.

Ndalama zokonzera zakhala zikukwera pa zifukwa zingapo. Amisiri odziwa kusula bodi ndi nyundo, kukonza kabuleta kapena kusema matabwa a m'kati mwa galimoto akukalamba, ndipo achinyamata ophunzira ntchitozi ndi ochepa. Ku Ulaya, malamulo oteteza thanzi anakhwimitsa kagwiritsidwe ntchito ka mankhwala okutira zitsulo kuti zinyezimire, ndipo malo ochitira ntchitoyi anachepa. Galimoto za m'ma 1990 zabweretsanso mutu wina: mapulasitiki ake amauma n'kusweka, ndipo tizipangizo ta m'kompyuta yoyendetsa injini timawonongeka ndi zaka. Chitsulo mmisiri angathe kusula, koma kompyuta yomwe inasiya kupangidwa zaka 25 zapitazo sisulidwa ndi nyundo. Mu 2016 zinadziwika kuti kampani ya McLaren inkadalirabe makompyuta akale a Compaq a m'ma 1990 pokonza McLaren F1, galimoto yomwe imodzi inadzagulidwa madola opitirira 20 miliyoni mu 2021.

Makampani opanga galimoto anaona kuti pali malonda. Ferrari inakhazikitsa nthambi ya Ferrari Classiche mu 2006, yomwe imakonza galimoto zakale ndi kupereka chikalata chotsimikiza kuti injini ndi zina ndi zenizeni. Nissan inayambanso kupanga masipeyala a Skyline GT-R mu 2017, ndipo Toyota inachita chimodzimodzi ndi Supra mu 2020. Masipeyala akayamba kupezeka, ogula amalimba mtima ndipo mtengo wa galimoto umalimbanso.

Kusakonza nakonso kuli ndi mtengo

M'ma 1980 galimoto yopambana inali yonyezimira kuposa mmene inatulukira kufakitale. Maganizo amenewa asintha. Ogula ambiri tsopano amalemekeza penti yoyambirira, zikopa zothetheka za mipando ndi mapepala osonyeza eni ake onse, poti izi zikachotsedwa sizibwereranso. Mu February 2015, ku Paris kunagulitsidwa galimoto pafupifupi 60 za malemu Roger Baillon, zomwe zinakhala zaka zambiri m'mashedi kumadzulo kwa France. Imodzi mwa izo, Ferrari 250 GT California Spider yomwe inapezeka itakwiririka ndi milu ya magazini, inagulidwa mayuro opitirira 16 miliyoni isanakonzedwe. Mu 2024, pa chionetsero cha Pebble Beach ku California, mphoto yaikulu inapita kwa Bugatti Type 59 ya 1934 yomwe inasungidwa ndi zipsera zake, ndipo aka kanali koyamba kuti galimoto ya m'gulu la zosakonzedwanso ipambane. Choncho mwini galimoto yosowa angathe kulipira ndalama zambiri kwa wopenta, n'kutsitsa nazo mtengo wa chuma chake.

Kummwera kwa Africa

Dziko la South Africa lili ndi galimoto zomwe sizinapangidwe kwina kulikonse. Fakitale ya BMW ya ku Rosslyn, pafupi ndi Pretoria, inatulutsa 333i zopitirira pang'ono 200 pakati pa zaka za m'ma 1980, kenaka 325iS mu 1990. Galimoto yachiwiriyi, yomwe m'makomboni monga Soweto imatchedwa Gusheshe, inatchuka pa masewera ozunguza galimoto mpaka matayala kufuka utsi. Masewerawo anatha zambiri, ndipo anyamata omwe ankaimirira m'mbali kuonerera tsopano ndi anthu a ndalama. Zotsala zosasinthidwa zikugulidwa pa mtengo woposa wa galimoto zambiri zatsopano. Volkswagen Citi Golf, yomwe inapangidwa ku Uitenhage kuyambira 1984 mpaka 2009, ili ndi oikonda ambiri, koma popeza zinatuluka zopitirira 370,000, ndi mitundu yochepa yokha imene ingakwere mtengo kwambiri.

Nyengo youma ya madera a kumtunda, kutali ndi mchere wa kunyanja, imateteza bodi ku dzimbiri, pamene ku Britain mchere womwe amathira m'misewu nthawi ya chisanu unawononga galimoto zambiri. Popeza mayiko a South Africa, Zimbabwe, Zambia, Malawi ndi Mozambique amayendetsa kumanzere ngati Britain, amalonda akhala akugula galimoto zakale m'chigawochi, makamaka ku South Africa, n'kuzitumiza kunja komwe zimalipidwa ndi ndalama yamphamvu.

Wokonza galimoto yakale ku Lilongwe, Lusaka kapena Harare amalipira mmisiri ndalama zochepa kuyerekeza ndi wa ku London, koma masipeyala amagulidwa m'mapaundi, mayuro kapena marandi, kuwonjezapo mtengo wonyamulira ndi msonkho wa pachipata. Ndalama ya kwacha ya Malawi itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, sipeyala iliyonse yochokera kunja inakwera tsiku lomwelo. Mafuta nawo anasintha. Petulo wokhala ndi mtovu anasiya kugulitsidwa m'mayiko a kummwera kwa chipululu cha Sahara kumayambiriro kwa 2006, ndipo injini zambiri zakale zimafunika kuikidwa zitsulo zolimba pomwe pamakhala mavavu kuti zisadyeke. Ku Malawi ndi ku Zimbabwe petulo amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, yemwe amawononga mapaipi a labala akale ndi kukoka chinyontho m'thanki ya galimoto yomwe imangokhala. Peugeot 404 ndi 504 komanso Land Rover zakale, zomwe zinanyamula anthu ndi katundu m'misewu ya fumbi kwa zaka makumi angapo, zambiri zinaikidwa injini za galimoto zina kuti zipitirize ntchito, ndipo wogula wakunja amayamba wayerekeza nambala ya injini ndi ya pamapepala asanatchule mtengo.