Mbiri ya Kufunafuna Machiritso mu Komboni ya Chawama

M'phunziro lathu la mbiri yakale lero tisiya mafumu ndi nkhondo, tikambe za anthu wamba a mu komboni ya Chawama, kumwera kwa mzinda wa Lusaka, ndi za maulendo amene iwo anayenda pofunafuna chithandizo cha matenda osamva mankhwala. Ndikhulupirira kuti m'kalasi mwanu muli mwana amene agogo ake amadandaula msana chaka ndi chaka, kapena amene amake amagona atamanga chitambala kumutu chifukwa cha litsipa losatha. Munthu wotere akapita kuchipatala, nthawi zina amauzidwa kuti nthenda sinaoneke, koma iye ululu akuumvabe. Kodi apite kuti? Funso limeneli ndi lakale, ndipo lili ndi mbiri yake.

Tiyambe ndi malo. Lusaka anakhala likulu la dziko lino m'chaka cha 1935. Atsamunda anaumanga mzindawu poganizira Azungu ndi antchito awo ochepa, motero nyumba za anthu akuda zinali zosakwanira. Amene anasowa nyumba anayamba kumanga pa mafamu a Azungu ozungulira mzinda, namalipira mwini malo mwezi ndi mwezi. Chawama anayamba motero. Poyamba ankatchedwa komboni ya Roberts potengera dzina la mwini malo, ndipo ambiri okhalamo ankagwira ntchito yokumba ndi kuphwanya miyala. Dziko litalandira ufulu m'chaka cha 1964, malamulo a chitupa oletsa anthu kulowa m'tauni anatha, ndipo anthu anakhamukira ku Lusaka. M'chaka cha 1963 mzindawu unali ndi anthu ngati 123,000, koma pofika 1969 anali atapitirira 260,000. M'chaka cha 1974 Boma linakhazikitsa lamulo lovomereza makomboni ena, ndipo ndi ngongole ya World Bank linayamba kuika mipopi ya madzi, misewu, masukulu ndi zipatala zazing'ono ku Chawama, ku George ndi ku Chaisa.

Anthu amene anabwera m'makomboni sanabwere ndi mphasa ndi miphika yokha. Anabweranso ndi nzeru za kwawo za matenda. Mchewa wa ku Katete, Mnsenga wa ku Petauke, Mtumbuka wa ku Lundazi ndi Mbemba wa ku Kasama, aliyense ankadziwa mitengo ya kwawo. Ankadziwanso kuti pali matenda a mitundu iwiri. Chimfine, chilonda kapena kutsekula m'mimba zinali nthenda wamba, ndipo mizu, masamba kapena makungwa zinali zokwanira. Koma nthenda ikakhalitsa, wodwala nkumangonyentchera, makolo ankafunsa funso lina: chifukwa chiyani munthu ameneyu, ndipo chifukwa chiyani tsopano? Pamenepo ankapita kwa ng'anga kukaombeza, kuti adziwe ngati mizimu yakwiya, ngati wina anaphwanya mwambo, kapena ngati pali dzanja la munthu.

Boma la atsamunda silinakondwe ndi funso lachiwirili. M'chaka cha 1914 linakhazikitsa lamulo la za ufiti, limene linkalanga munthu wotchula mnzake kuti ndi mfiti ndiponso wodzitcha kuti amagwira mfiti. Lamulolo silinaletse mankhwala a zitsamba, koma linachititsa kuti ang'anga ambiri azigwira ntchito mobisa. Ngakhale zinali tero, mantha a anthu sanathe. Cha m'ma 1934 anyamata ogulitsa mankhwala otchedwa mchape, amene mbiri yake inachokera ku Mulanje m'dziko la Nyasaland, anayenda m'midzi ya dziko lino akumwetsa anthu ndi kulonjeza kuti ufiti utheratu. Anthu anamwa, anyamatawo anapita, koma matenda anatsala.

Tsono m'makomboni a Lusaka wodwala anapeza makomo ambiri ogogoda. Panali chipatala chachikulu cha Boma, chimene pambuyo pake chinatchedwa University Teaching Hospital. Panali chipatala cha Chainama Hills cha matenda a maganizo, chotsegulidwa m'chaka cha 1962. Panali ogulitsa mizu pamsika, ang'anga otema mphini ndi ofukiza odwala, ndiponso aneneri a mipingo ya Ziyoni, ya Apostoli ndi ya Mutumwa, amene ankachiza ndi mapemphero, nyimbo ndi madzi odalitsidwa. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, dotolo wina dzina lake Joyce Leeson pamodzi ndi Ronald Frankenberg wa pa Yunivesite ya Zambia anafunsa mafunso odwala amene ankapita kwa ang'anga mu Lusaka. Anapeza kuti ambiri anali amayi, kuti matenda awo anali okhalitsa, ndipo kuti ambiri anali atayamba apita kuchipatala. Ichi nchofunika kuchikumbukira, ana inu. Anthu amenewa sanali mbuli zoopa jekeseni. Anali anthu amene anayesa khomo loyamba, ululu osatha, nkupita pa khomo lachiwiri. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Tiyerekeze mayi wa ku Chawama m'masiku amenewo. Wasiya abale ake kumudzi. Amadzuka m'bandakucha kukatunga madzi, nasenza chidebe pamutu ali ndi mwana kumsana. Mwamuna wake ntchito yatha. Mayiyu mutu umamuwawa, mtima umagunda, miyendo imalemera, tulo sabwera. Kuchipatala aima pamzere theka la tsiku, ndipo dotolo, amene ali ndi odwala ochuluka omudikira, amuona kwa mphindi zowerengeka, mwinanso kudzera mwa womasulira, nampatsa mapiritsi. Kwa ng'anga akhala pamphasa, afunsidwa za kwawo, za maloto ake ndi za banja lake, m'chinenero chake, ndipo nthenda yake ipatsidwa dzina. Kaya dzinalo linali loona kaya ayi, mayiyo ankabwerera kunyumba akudziwa kuti wina wamumvera.

Dzina limodzi limene linkamveka kwambiri m'makomboni linali mashawe, nthenda imene anthu amati imadza munthu akalowedwa ndi mizimu. Kwa Atumbuka nthenda yofanana nayo imatchedwa vimbuza, ndipo imachizidwa ndi ng'oma ndi kuvina. Gule wa vimbuza analemekezedwa ndi bungwe la UNESCO m'chaka cha 2005 monga chuma cha mtundu wa anthu.

Nkhani ya mashawe imatifikitsa kwa munthu amene dzina lake linamveka dziko lonse. Emmanuel Milingo anabadwa m'chaka cha 1930 ku Mnukwa m'boma la Chipata. Anakhala wansembe wa Mpingo wa Katolika m'chaka cha 1958, ndipo atabwera ku Lusaka anagwira ntchito youlutsa mawu a Mpingo pa wailesi. Anayambitsa bungwe la Zambia Helpers Society, limene linkapereka chithandizo cha mankhwala achipatala kwa osauka a m'makomboni. M'chaka cha 1969 Papa Paulo VI anamudzoza kukhala Arkiepiskopi wa Lusaka. Mu April 1973, monga mwini wake anafotokozera, kunabwera kwa iye mayi amene anadwala miyezi ingapo, osadya, akumva mawu, ndiponso akuopa mwana wake yemwe, ndipo chipatala chinali chitalephera kumuthandiza. Ambuye Milingo anamupempherera, ndipo mayiyo anapeza bwino. Mbiri inawanda. Posakhalitsa makamu a anthu ochokera m'makomboni a Lusaka ndi kutali ankasonkhana kuti awasanjike manja.

Zimenezi zinagawa Mpingo. Ansembe ena, makamaka amishoni, anati Arkiepiskopi akulimbikitsa anthu kuopa mizimu ndipo akusakaniza Chikhristu ndi miyambo yakale. Iye anayankha kuti Mpingo unakhala nthawi yaitali osamva kulira kwa anthu ake. M'chaka cha 1982 anaitanidwa ku Rome, ndipo mu 1983 anatula pansi udindo wake wa ku Lusaka. Moyo wake wa pambuyo pake unali ndi mikangano ina: anakwatira m'chaka cha 2001, ndipo mu 2009 Mpingo unamuchotsa pa unsembe. Ife sitili pano kuti timuweruze. Chimene wophunzira mbiri ayenera kuona ndi kuchuluka kwa anthu amene anamutsatira, pakuti kunaonetsa kuti mu Lusaka munali odwala ambiri amene sankapeza yankho.

Boma nalonso linaona zimenezi. M'chaka cha 1977 ku Lusaka kunachitika msonkhano woyamba wa dziko lonse wokambirana za mankhwala a makolo, ndipo mu 1978 kunakhazikitsidwa bungwe la ang'anga lotchedwa Traditional Health Practitioners Association of Zambia. Mu September chaka chomwecho maiko a dziko lapansi anasonkhana ku Alma-Ata, mzinda umene lero uli m'dziko la Kazakhstan, nagwirizana kuti chithandizo chiyenera kufika pafupi ndi anthu, ndi kuti ochiza a makolo ataphunzitsidwa angathe kuthandizapo. Maganizo amenewa anali ndi maziko. Kwinini wochiza malungo anachokera ku makungwa a mtengo wa ku South America. Mankhwala amakono a malungo anachokera ku chitsamba cha ku China, chimene mayi wina wasayansi, Tu Youyou, anachifufuza kuyambira cha m'ma 1970, nalandira mphotho ya Nobel mu 2015. Koma onani bwino: mitengo imeneyi inayesedwa kaye, mphamvu yake inapimidwa, ndipo muyezo wake unadziwika.

Kufunika kwa kuyesa kunaoneka poyera m'zaka za m'ma 1980. M'makomboni munayamba kuoneka nthenda yachilendo. Anyamata ndi atsikana amphamvu ankaonda, kutsokomola ndi kutsekula m'mimba kwa miyezi. Ena anati nkulodzedwa, ena anati ndi kaliwondewonde wodza chifukwa chophwanya mwambo. Mabanja anagulitsa katundu kulipira ochiza, ndipo nkhalamba zosalakwa zinatchulidwa ufiti. Nthendayo inali Edzi, imene inadziwika koyamba m'Zambia m'chaka cha 1984. M'chaka cha 1987 Pulezidenti Kenneth Kaunda ananena poyera kuti mwana wake anamwalira nayo. Ku Malawi, mu 1995, anthu zikwizikwi anapita ku Machinga kukamwa mankhwala a Billy Goodson Chisupe, amene anatchedwanso mchape, koma mliri sunaleke. Kuno kwathu, mu 2005, Boma linayesa mankhwala atatu a zitsamba pa odwala, ndipo panalibe amene anachotsa kachilombo m'thupi. Chimene chinadzutsa odwala pamphasa ndi mankhwala otalikitsa moyo amene Boma linayamba kupereka kwaulere m'zaka zomwezo.

Komabe nkhani ili ndi mbali inanso. Madotolo nawonso anaphunzira. Lero akudziwa kuti ululu ungathe kukhalabe chilonda chitapola, chifukwa mitsempha yotumiza uthenga wa ululu ku ubongo imapitiriza kuutumiza, ndi kuti nkhawa, chisoni ndi kusowa tulo zimaukulitsa. M'chaka cha 2019 bungwe la World Health Organization linaika ululu wopitirira miyezi itatu m'ndandanda wa matenda. Motero mayi uja wa ku Chawama sankanama ayi. Kumumvera, kumutonthoza ndi kumupeputsira ntchito ndi mbali ya chithandizo, ndipo makolo athu ankadziwa zimenezi kalekale.

Nanga mbiri imeneyi ikutiphunzitsa chiyani? Choyamba, wodwala nthenda yokhalitsa ayambe wapimidwa kuchipatala, ndipo ngati sachira abwererekonso, pakuti chifuwa chachikulu, shuga, kuthamanga kwa magazi ndi khansa zimabisala, ndipo zikachedwa zimavuta kuchiza. Kachipatala ka ku Chawama kanakulitsidwa, ndipo lero ndi chipatala chogoneka odwala. Chachiwiri, wakumwa zitsamba auze dotolo, ndipo asasiye mankhwala amene anapatsidwa, chifukwa mizu ina yopanda muyezo imaononga impso ndi chiwindi. Safunsa anadya phula. Chachitatu, lumo limodzi lisateme mphini anthu awiri. Chachinayi, wochiza amene akulonjeza kuchiza nthenda iliyonse, kapena akuloza chala mbale wanu kuti ndiye wakulodzani, achenjeredwe. Kutchula munthu ufiti ndi mlandu pa lamulo la dziko lino. Chomaliza, ana inu, musaseke munthu amene akuti akumva kuwawa pamene inu simukuona chilonda. Mtungireni madzi, khalani naye pansi, mumvereni.

Aphunzitsi, phunziro likatha, tumani ana kuti akafunse agogo awo maina a mitengo itatu imene inkagwiritsidwa ntchito kwawo ndi nthenda imene inkachiza, koma muwachenjeze kuti asalawe kanthu. Pambuyo pake jambulani pa bolodi mzere wa zaka kuyambira 1914 mpaka 2019, ana aikepo zochitika zimene amva lero, ndipo akambirane funso ili: chifukwa chiyani mayi wa ku Chawama anapita kwa ng'anga atachoka kuchipatala, ndipo chipatala chikanachita chiyani kuti iye abwerereko? Tsalani bwino mpaka sabata yamawa.