Njuchi za uchi za mu Africa

Njuchi za uchi za mu Africa, ku Ulaya ndi ku Middle East ndi za mtundu umodzi, Apis mellifera, koma zinagawikana m'timafuko toposa 20 malinga ndi nyengo ya dera lililonse. Za ku Ulaya zimaunjika uchi podikira chisanu. Za mu Africa muno zimaswana msanga, sizichedwa kulusa, ndipo maluwa akasowa zimangosiya zisa n'kusamuka.

Kumene zimapezeka

Fuko lofala kwambiri ndi la scutellata, lopezeka m'nkhalango za miombo ndi m'madambo kuchokera kum'mawa kwa Africa, kudzera ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, mpaka kumpoto kwa South Africa. M'mbali mwa nyanja ya mchere, kuyambira ku Kenya kukafika ku Mozambique, muli litorea, tinjuchi tating'ono tachikasu. M'mapiri ozizira monga Kilimanjaro ndi Elgon muli monticola, zokulirapo, zakuda ndiponso zofatsa. Ku Cape kuli capensis, zimene njuchi zake zantchito zimatha kuikira mazira oswa zazikazi popanda kukumana ndi yamphongo.

Mbiri

Mu 1956 wasayansi wa ku Brazil, Warwick Kerr, anatenga mafumukazi a scutellata ku South Africa ndi ku Tanganyika. Cholinga chake chinali kupeza njuchi zopirira kutentha, popeza zochokera ku Ulaya zinkalephera kupereka uchi wokwanira kumeneko. Mu 1957 magulu 26 anathawa pamalo ofufuzira pafupi ndi Rio Claro m'chigawo cha São Paulo, n'kuswana ndi njuchi zimene anazipeza. Ana awo anafalikira chakumpoto chaka ndi chaka mpaka kulowa ku Texas mu 1990, ndipo chifukwa cha ukali anthu anawatcha njuchi zakupha.

Cha mu 1990 momwemo, alimi a ku South Africa anasamutsira ming'oma ya capensis kumpoto kwa dzikolo. Njuchi zantchito za capensis zinayamba kuzembera m'ming'oma ya scutellata n'kumaikiramo mazira awo, ndipo ming'oma zikwizikwi inatheratu.

Ulimi wa njuchi m'midzi

Mng'oma wamakolo ndi khungwa la mtengo wa mombo kapena wa tsamba losendedwa lathunthu, lolumikizidwa ndi zikhomo zamtengo, kukamwa kwake n'kutseka ndi udzu woluka, kusiya kabowo kolowera. Amaupachika pamphanda ya mtengo wautali kuopa chiuli, linthumbu ndi moto wolusa. Njuchi palibe amazigula: mwini amapaka phula m'kati, gulu losamuka limadzalowamo lokha. Kufula kumachitika madzulo kapena usiku, wofulayo atanyamula chikuni chofuka utsi. Wodziwa ntchito amachotsa zisa zokhwima zokha, za ana amazisiya kuti njuchi zisathawe. Osaka uchi wam'mphako amatsatira mbalame ya nsadzu, ndipo mwambo ndi woti aisiyireko chisa. Uchi amadyera mbatata, amathira m'phala, ena amapatsa wodwala chifuwa. Phula amagulitsa kwa opanga makandulo ndi mafuta odzola. Maboma a Kabompo ndi Mwinilunga ku Zambia ndi otchuka ndi ming'oma yamakungwa, ndipo uchi wawo umagulitsidwa mpaka ku Ulaya.

Zikuoneka kuti njuchi zimenezi zimathandizanso kwambiri kuti mpendadzuwa, maungu ndi makademiya zibereke bwino. Masiku ano alangizi amalimbikitsa ming'oma yamatabwa m'malo mwa yamakungwa, chifukwa mtengo wosendedwa khungwa kuzungulira umauma.