Ndondomeko yoonjezera gulu la ndege pa laisensi ya woyendetsa ndege

Kukhala ndi laisensi yoyendetsera ndege sikutanthauza kuti munthu angathe kuulutsa ndege ina iliyonse. Laisensi imasonyeza msinkhu umene munthuyo wafika pa ntchito yake, koma ndege zimene waloledwa kuyendetsa zimalembedwa padera m'laisensimo. Chilolezo cha gulu la ndege, chomwe pa Chingerezi chimatchedwa class rating, ndi chimodzi mwa zilolezo zoterezi.

Malamulo a nkhaniyi amachokera ku bungwe la ICAO, lomwe likulu lake lili ku Montreal m'dziko la Canada, ndipo linakhazikitsidwa potsatira pangano la ku Chicago la chaka cha 1944. Dziko la Malawi ndi membala wa bungweli. Malinga ndi malamulowa, ndege zoyendetsedwa ndi munthu mmodzi zili m'magulu anayi: za injini imodzi zotera pamtunda, za injini imodzi zotera pamadzi, za injini zingapo zotera pamtunda, ndiponso za injini zingapo zotera pamadzi.

Motero munthu amene anaphunzirira ndege ya injini imodzi monga Cessna 172 saloledwa kunyamula anthu pa ndege ya injini ziwiri monga Piper Seneca asanaonjezere gululo pa laisensi yake. Ndege zikuluzikulu zofuna oyendetsa awiri, monga Boeing 737, sizili m'magulu amenewa ayi. Iliyonse imafuna chilolezo cha mtundu wakewake.

Chifukwa chachikulu cha lamuloli ndi chitetezo. Injini imodzi ikazima pa ndege ya injini ziwiri, injini yotsalayo imakhotetsera ndegeyo mbali ya injini yakufayo, ndipo mphamvu yokwerera m'mwamba imachepa kwambiri. Woyendetsa ayenera kuzindikira msanga injini imene yazima, kuongola ndegeyo ndi chiwongolero cha kumchira, komanso kusalola liwiro kutsika kupyola malire oikidwa. Akachedwa, makamaka ndege ikangonyamuka kumene, imatha kupendekeka n'kugwa. Luso limeneli siliphunzitsidwa pa ndege ya injini imodzi.

Dziko lililonse limaika ndondomeko yake motsatira malamulo a ICAO. Ku United States, munthu amene ali kale ndi laisensi ya ndege salembanso mayeso a papepala pofuna kuonjezera gulu pa msinkhu womwewo, ndipo lamulo silitchula chiwerengero cha maola ophunzirira. Chofunika n'chakuti mphunzitsi wovomerezeka asaine m'buku lake lolembamo maulendo kuti wadziwa bwino ntchitoyo, kenako akhoze mayeso oulutsa ndege pamaso pa woyesa.

M'mayiko otsatira malamulo a bungwe la EASA ku Ulaya, wofuna gulu la ndege za injini zingapo ayenera kukhala ataulutsa kale ndege kwa maola 70 ali mtsogoleri wa ulendo. Amaphunzira m'kalasi kwa maola osachepera 7, ndi m'mwamba kwa maola osachepera 6, ndipo mwa maola amenewa, atatu ndi theka amakhala oyeserera kuuluka injini imodzi itazima. Chilolezochi chimagwira ntchito kwa chaka chimodzi, pamene cha injini imodzi chimatha zaka ziwiri.

Nkhaniyi ikukhudzanso ogwira ntchito m'boma. Amene amakonza maulendo a akuluakulu, kunyamula odwala kapena kutumiza thandizo kumadera okhudzidwa ndi madzi osefukira pa ndege zobwereka, asangokhutira pomva kuti woyendetsa ali ndi laisensi. Ndi bwino kufunsa kampani yobwereketsayo umboni wakuti gulu kapena mtundu wa ndege imene yabwerekedwa walembedwa m'laisensimo, ndiponso kuti nthawi yake siinathe. Izi zichitike mgwirizano usanasainidwe.