Kuzindikira madzi m'mafuta a ndege zopangira pakhomo

Ndege zopangira pakhomo ndi ndege zing'onozing'ono zomwe munthu amalumikiza yekha, nthawi zambiri ndi zipangizo zogula, monga za mtundu wa RV za kampani ya Van's Aircraft ya ku Oregon. Ku United States opanga ndegezi ali ndi bungwe lawo, Experimental Aircraft Association, lomwe Paul Poberezny adayambitsa mu 1953. Chimodzi mwa zinthu zomwe zimazimitsa injini zawo m'mwamba ndi madzi olowa m'mafuta.

Madziwa amalowera pa chitsekero cha thanki chomwe labala wake watha, makamaka ndege ikagona pamvula. Ena amachokera ku chinyezi cha m'thanki yosadzaza usiku kukazizira, ena amabwera ndi zigubu zothirira. Lita ya mafuta a ndege otchedwa avgas imalemera pafupifupi makilogalamu 0.72 pomwe ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho madzi amamira pansi, kufupi ndi paipi yopita ku injini.

Asanauluke, woyendetsa amatapa mafuta m'kapu yoonekera mkati kuchokera pa timipopi ta pansi pa thanki iliyonse ndi pa gascolator, kasefa kokhala m'munsi mwa mapaipi. Avgas 100LL ndi wabuluu, ndipo madzi amaoneka ngati timikanda tagona pansi pa kapu. Choopsa n'chakuti kapu ikadzaza madzi okhaokha sipakhala malire oti diso lione. Wodziwa ntchito amanunkhiza, amayang'ana mtunduwo ataika pepala loyera kumbuyo, kapena amadonthezamo madzi: akapanda kumira ngati mkanda, ndiye kuti zonsezo ndi madzi.

Petulo wa galimoto, yemwe injini monga Rotax 912 zimagwiritsa ntchito, amavuta mwa njira ina. Akakhala ndi ethanol amamwa madzi n'kuwabisa, mpaka atachuluka n'kupatukira pansi pamodzi ndi ethanolyo.

Pa ndege yopanga wekha, kapu yosaonetsa madzi siyokwanira kukhulupirira. Kampopi kakaikidwa pamalo posakhala potsikitsitsa, kapena nthiti za m'kati mwa thanki zikasowa timabowo ta m'munsi, madzi amatsalira pangodya. Ndege ya gudumu lakumchira imaimanso chopendekera kumbuyo, ndiye madziwo amasuntha mchira ukadzuka pothamanga. N'chifukwa chake injini yomwe inalira bwino pansi ikhoza kutsokomola kapena kuzima ndege itangonyamuka, nthawi yomwe woyendetsa alibe mtunda wokwanira wosankhira potera. Ndi bwino kudikira kanthawi mukathira mafuta, kugwedeza mapiko, n'kutapanso.

Injini ikamalira modukiza, makaniko amayamba wayesa zina. Vuto la magneto, zipangizo ziwiri zoyatsira moto mu injini, limaonekera pozimitsa imodzi n'kusiya inayo. Ayezi wa m'kabyuleta amasungunuka akatsegula mpweya wotentha. Zonsezi zikapanda kusintha kanthu, amamasula kambale ka pansi pa kabyuleta n'kuyang'ana madontho, dzimbiri kapena zoyerayera zomwe madzi amasiya pa aluminiyamu.