Njati, Nkhwazi ndi Nyalugwe wa Mpira

Ana inu, mukapita ku bwalo la Woodlands, kwawo kwa City of Lusaka, tcherani khutu ku maina a matimu obwera kudzasewera. Asilikali amatchedwa Green Buffaloes, ndiye kuti njati; apolisi anasankha nkhwazi, mbalame ya pa mbendera yathu. Aphunzitsi, afunseni anawa chifukwa chake palibe timu yofuna kutchedwa fisi.

Mpikisano wa mpira wa dziko lonse unayamba kukhala ndi nyama yakeyake mu 1966 ku England. Unali mkango wotchedwa Willie, wovala malaya a mbendera ya Britain.

Pa mpikisano wa 2010 South Africa inali ndi Zakumi, nyalugwe wa tsitsi lobiriwira. ZA ndi zilembo zoimira dzikolo, ndipo kumi ndi khumi wathu yemweyu, chifukwa cha chakacho. Koma zitamveka kuti zidole za nyalugweyu zikupangidwa ku China, bungwe la antchito la Cosatu linakwiya kwambiri. Linati ntchitoyo inayenera kupatsidwa kwa eni dziko, pakuti ambiri mwa iwo anali pa ulova.