Mawu oyenera kudziwa wolakalaka kutsogolera yunivesite akadali wamng'ono

Ku America mkulu wa yunivesite amatchedwa pulezidenti. Kwathu kuno tinatengera za ku Britain: woyendetsa zinthu ndi Vice-Chancellor, pamene Chancellor wa mayunivesite aboma ndi mtsogoleri wa dziko, yemwe kawirikawiri timamuona pa tsiku lopereka madigiri. Wofuna mpando wa mkulu wa yunivesite ayambe wadziwa mawu a m'nyumbamo, chifukwa amaulula yemwe ali ndi mphamvu pa mnzake.

Ku America, oyamba ndi ma trustee, gulu la anthu akunja kwa sukulu, ambiri mwa iwo amalonda ndi ophunzira akale ochita bwino. Ndiwo amalemba pulezidenti ntchito, ndiwonso amamuchotsa. Mu 1929 ma trustee a University of Chicago anasankha Robert Maynard Hutchins ali ndi zaka 30 zokha. Komatu sanachite kugwa kuchokera kumwamba. Kuyambira mu 1923 anali mlembi wa bungwe lolamulira Yale, kenako anakhala dean wa sukulu ya zamalamulo komweko. Dean ndi mkulu wa nthambi imodzi ya maphunziro; pamwamba pake pali provost, woyang'anira maphunziro onse, udindo umene ambiri amadzera popita ku upulezidenti. Hutchins anaulumpha. Chimene anali nacho n'chakuti anazolowera kale kukhala pa tebulo limodzi ndi eni ndalama.

Ndalamazo zili ndi dzina lake, endowment: chuma chopatsidwa ndi akufuna kwabwino chomwe chimaikidwa m'mabizinesi, yunivesite n'kumadyako gawo laling'ono chaka chilichonse. Kuchikulitsa kumamudyera pulezidenti nthawi yochuluka. Wochita manyazi kupempha asayerekeze.

Liwu lopweteka kwa wachinyamata ndi tenure. Mphunzitsi amene wapatsidwa tenure sachotsedwa ntchito chisawawa, ndiye akhoza kutsutsa bwana wake pamsonkhano, mawa n'kulowa m'kalasi mtima uli m'malo. Hutchins anakwanitsa kuthetsa timu ya mpira wa ku America pa University of Chicago mu 1939, koma pa zoti ophunzira aziphunzira chiyani anakokana ndi maprofesa kwa zaka zambiri.

Ndimaona kuti achinyamata kwenikweni amapatsidwa mipando imene akuluakulu akuiopa. Leon Botstein anakhala pulezidenti wa Franconia College mu 1970 ali ndi zaka 23, sukuluyo ili pamavuto azachuma. Anachoka mu 1975 kukatsogolera Bard College, ndipo Franconia inatsekedwa mu 1978.