Mbiri ya Benchi Yanga ya Ziboliboli pa Liwonde

Tsiku lina madzulo ndikulongedza katundu m'makatoni, mwana wa mchemwali wanga, amene anali atangolemba kumene mayeso a Fomu 4, anafika pa benchi yanga nakhala pa chitsa osanena kanthu. Nditamufunsa chimene chinamuyendetsa, anati, "Amjomba, ntchito kulibe. Ndimati mundiphunzitse geni yanuyi." Mawu amenewo anandibweza m'mbuyo zaka zoposa 30, chifukwa ndi omwewo amene inenso ndinalankhula kwa amalume anga mu 1994. Sindinamuyankhe msanga. Ndinaona kuti asanagwire polishi ndi sanza, ayenera kudziwa kaye komwe malondawa anachokera ndi komwe akulowera. Zimene ndinamufotokozera usiku umenewo ndi zimene ndalemba pano.

Liwonde ndi malo a malonda kuyambira kale, ndipo chifukwa chake ndi mtsinje wa Shire. Pamene anthu amaoloka mtsinje pamakhala kudikira, ndipo pamene anthu akudikira pamabadwa msika. Azungu asanafike, amalonda achiyao ankadutsa m'dera lino atasenza minyanga ya njovu kupita kunyanja ya mchere, ku Kilwa ndi ku Quelimane, ndipo pobwerera ankabweretsa nsalu, mikanda ndi mfuti. Tisabise, m'njira zomwezo munkadutsanso akapolo. Dzina la tauniyi ndi la mfumu yachiyao, Liwonde, imodzi mwa mafumu amene analimbana ndi asilikali a Harry Johnston m'zaka za m'ma 1890. David Livingstone anadutsa m'chigwa chino mu 1859 popita kunyanja, ndipo mu 1875 sitima ya Ilala, imene anthu anachita kuisenza zidutswazidutswa polambalala mathithi, inakwera ndi mtsinje womwewu mpaka ku Cape Maclear. Choncho mlendo si chinthu chachilendo pa Liwonde.

Koma tauni imene tikuidziwa lero inamangidwa ndi zinthu zitatu. Choyamba ndi mlatho wa Kamuzu Barrage umene unatha mu 1965. Cholinga chake chinali kuwongolera madzi opita ku Nkula kokapanga magetsi, koma unathetsanso vuto looloka pa pantoni, ndipo magalimoto ochoka ku Blantyre ndi ku Zomba kupita ku Lilongwe kapena ku Mangochi anayamba kudutsa usana ndi usiku. Chachiwiri ndi njanji yochoka ku Nkaya kupita ku Nayuchi mpaka kudoko la Nacala, imene inatsegulidwa mu 1970. Chachitatu, chomwe ife a ziboliboli chimatikhudza kwambiri, ndi nkhalango yosungirako nyama ya Liwonde imene boma linakhazikitsa mu 1973. Mlendo wodzaona njovu ndi mvuu amafuna kanthu koti akaonetse kwawo, ndipo kanthu kameneko ndi kamene kanatidyetsa.

Amalume anga, amene kwathu kuno timati amjomba, sanayambe ndi ziboliboli. Ankasema mitondo, misi, mipini, zipande ndi bawo, zinthu zogwiritsa ntchito pakhomo. Iwo ankati tsiku loyamba kuona mzungu akugula chipande chimene sakaomolera nsima, anadziwa kuti pali mtundu wina wa njala umene iwo sankaudziwa. Anayamba kukongoletsa mipini ya zipande ndi mitu ya nyama, kenaka anaphunzira kusema mipando yachifumu ija ya matabwa awiri olowetsana, yokhala ndi njovu ndi milambe kotsamira. Mipando imeneyi ndi imene inatchukitsa msewu wa pakati pa Zomba ndi Liwonde. Nthawi yomweyo ku Mua, bambo Claude Boucher anayambitsa malo a zaluso a KuNgoni mu 1976, ndipo zimene amisiri a kumeneko ankasema zinaonetsa anthu kuti wosema naye ndi munthu woti n'kumuvulira chipewa.

M'nthawi ya Kamuzu alendo analipo koma ochepa, ndipo ambiri ankachokera ku South Africa, popeza dziko lathu linali pa ubale ndi boma la kumeneko kuyambira mu 1967. Lamulo la kavalidwe la 1973 linkaletsa akazi kuvala mathalauzi ndi masiketi aafupi, amuna a tsitsi lalitali ankawameta pachipata, choncho achinyamata ambiri oyendayenda ankalambalala dziko lino. Nkhondo ya ku Mozambique nayo inatseka njira. Zinthu zinatembenuka mofulumira: mtendere ku Mozambique mu 1992, referendamu yathu mu June 1993, chisankho cha ku South Africa mu April 1994, ndi chathu mu May 1994 chimene chinaika pampando Bakili Muluzi, mwana wa konkuno ku Machinga. Mu 1993 zipembere ziwiri zinabwera ku Liwonde kuchokera ku Kruger. Zimalole zonyamula alendo ochokera ku Nairobi kupita ku Cape Town zinayamba kuima pamlatho. Geni inasanduka mawu a pakamwa pa aliyense.

Ine ndinalowa m'malondawa chaka chomwecho cha 1994, sukulu itandikanika chifukwa cha fizi. Mpamba wanga unali mbuzi imodzi imene amayi anandipatsa ndi matumba awiri a mpunga amene ndinalima kudambo. Nditagulitsa zimenezi ndinaoda kwa amisiri timvuu, tinjovu, zipande, bawo ziwiri, ndi mikanda ya m'khosi imene amayi ena ankatunga. Amalume anandibwereka mipando itatu kuti ndidzalipire ikagulidwa. Benchi ndinakhoma ndekha ndi zigwagwa, denga lake la udzu. Sabata yoyamba sindinagulitse kanthu, koma wotolera ndalama za chiphaso sankajomba. Madzulo ena ndinadandaula kwa amalume kuti bola ndikanasunga mbuzi ija. Iwo anangoseka nati, "Iwe, kuona maso a nkhono n'kudekha. Chiboliboli si tomato, sichiwola."

Tsiku lachisanu ndi chinayi galimoto inaima, munatsika mayi wachizungu ndi mwamuna wake. Anatola bawo nafunsa kuti ndi chiyani. Chingerezi changa chinali choduka, choncho ndinangothira nkhomo m'maenje n'kuyamba kuwaonetsa kasewerede kake. Tinakhala pamenepo pafupifupi ola lathunthu, mwamunayo akutaya nkhomo molakwika, ife tonse tikuseka. Anagula bawoyo ndi mpando umodzi osanenerera. Apo ndi pamene ndinaphunzira phunziro loyamba la malonda a mphatso: munthu sagula mtengo wosemedwa, amagula nkhani yoti akakambe akafika kwawo.

Phunziro lachiwiri linali lowawa. Chaka chimenecho kwacha inali itasiyidwa kuti izidzipezera yokha mphamvu pamsika, ndipo inagwa kwambiri. Ine ndinkakondwa kuti ndagulitsa katundu yense, koma pobwerera kwa amisiri ndinkapeza kuti ndalama zanga sizikukwanira kuoda ngakhale theka la zimene ndinali nazo. Amalume anandiuza kuti ndileke kuwerenga phindu ndi ndalama za m'thumba, ndiziwerenga ndi katundu wa pabenchi. Ngati mwezi watha panali mvuu 20 ndipo lero pali 15, ndiye kuti ndaluza, ngakhale thumba litatupa bwanji. Malangizo amenewo anandipulumutsanso pamene kwacha inagwetsedwa mu May 2012, komanso mu November 2023 pamene inagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi.

Phunziro lachitatu ndimachita nalo manyazi mpaka lero. Mtengo umene alendo amaufuna kwambiri ndi phingo, wakuda mkati, wolemera, womwe ku Ulaya amapangira zitoliro za oimba. Phingo atayamba kusowa, ambiri tinaphunzira kutenga mtengo wamba n'kuupaka polishi wakuda wa nsapato mpaka kunyezimira. Ine ndinagulitsa njovu yotereyi kwa mphunzitsi wina wachikuda wa ku Zomba amene ankafuna mphatso yotsanzikira mnzake wobwerera kwawo kunja. Patatha milungu iwiri anabwera nayo itang'aluka pamsana, mkati mukuoneka mbee, chifukwa mtengowo unalinso wauwisi. Sanakalipe. Anangoiika pabenchi n'kunena kuti, "Achimwene, mwandichititsa manyazi." Ndinabweza ndalama, koma sanadzaimenso pa benchi yanga, pamodzi ndi anzake onse amene ankabwera nawo. Amalume atamva anati, "Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata." Kuyambira pamenepo ndimauza kasitomala dzina lenileni la mtengo, kaya ndi mlombwa, mbawa kapena tsanya, ndipo ndimamupatsa kuti anyamule amve yekha kulemera kwake.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 malonda anafika pachimake. Kuwonjezera pa alendo, kunabwera anyamata oodetsa amene ankadzaza mabasi ndi ziboliboli kudzera ku Mwanza ndi ku Tete kupita ku Harare, Johannesburg mpaka ku Cape Town. Ena mwa anzanga amene ndinayamba nawo anatsatira katunduyo ndipo anakhazikika komweko. Alendo ena osauka ankasinthanitsa ziboliboli ndi nsapato, malaya kapena mawotchi, ife n'kukagulitsa pamsika. Ndi ndalama za nthawi imeneyo ndinafolera nyumba ndi malata n'kulipirira ang'ono anga awiri sukulu ya sekondale. Mu 1998 Balaka inakhala boma palokha, moti woimika galimoto tsidya lino la mlatho ali ku Machinga, wa tsidya linalo ali ku Balaka, koma kwa ife msika unali umodzi.

Komatu walira mvula walira matope. Mpando umodzi wachifumu umafuna thabwa lalikulu la mtengo wokhwima, ndipo palibe mmodzi wa ife amene ankabzala. Amalume ankati ali mnyamata mlombwa ankaudula poyenda mtunda wosatopetsa kuchoka pakhomo. M'nthawi yanga amisiri ankagonera m'mapiri a nkhalango ya Liwonde, kenaka anayamba kudalira mitengo yochokera ku Mozambique. Lamulo la za nkhalango la 1997 linakhwimitsa zilolezo, ndipo ambiri analandidwa matabwa ndi zida. Ife timakonda kuloza chala ootcha makala, ndipo n'zoona kuti matumba amene amandanda m'mbali mwa msewu wa ku Zomba adya mitengo yambiri kuposa sompho ya mmisiri. Koma ootcha makala amadula chilichonse, pamene ife tinkasankha mitengo yabwino yokhayokha, imene imatenga moyo wonse wa munthu kuti ikhwime. Wobzala phingo lero sadzamusema yekha.

Nkhalango ya nyama nayo inafika pomvetsa chisoni chifukwa cha misampha, mpaka bungwe la African Parks linayamba kuiyang'anira mu 2015. Anaimangira mpanda wamagetsi, anasamutsa njovu zambiri kupita ku Nkhotakota mu 2016 ndi 2017, anabweretsa akakwiyo mu 2017 ndi mikango mu 2018. Alendo anachuluka, ife tinati zayera. Kenaka mu 2020 kunagwa mliri wa Covid-19, ndege zinaima, ndipo kwa miyezi yambiri benchi yanga inangokhala malo osewerera bawo. Ndinabwerera kudambo kukalima mpunga. Amalume anatisiya m'nyengo yomweyo, sompho yawo anandisiyira ine. Tisanapume bwino, namondwe wa Freddy anagumula misewu ndi milatho m'chigawo cha kummwera mu March 2023.

Chimene chinandidzutsa pa mavuto onsewa si mzungu ayi, koma Mmalawi mnzanga. Kale tinkaganiza kuti ziboliboli ndi za alendo basi, ndipo munthu wakuda akaima pabenchi sitinkadzuka n'komwe pampando. Lero amene amandigula kwambiri ndi a maukwati ndi zinkhoswe ofuna mphatso, a m'maofesi otsanzika mnzawo wopuma pantchito, a misonkhano ya ku Mangochi amene amaima pobwerera, ndi abale opita kunja ofuna mapu a Malawi oti akapachike pakhoma. Ambiri amayamba aona chithunzi pa WhatsApp, n'kutumiza ndalama pafoni, katundu n'kukwera minibasi. Ndinachepetsa zinthu zazikulu. Tsopano pabenchi pamachuluka tinthu ting'onoting'ono tochokera ku zidutswa: ndolo, zibangili, zokolekera makiyi zolembedwa maina, pamodzi ndi madengu ndi zipewa za mlaza, ndi zikwama za chitenje zimene amayi amasoka. Thabwa limene kale linkatuluka mpando umodzi lero limadyetsa banja mwezi wathunthu.

Nditamaliza kufotokoza zonsezi, mnyamata uja anafunsa kuti, "Ndiye mukuti ndiyambe kapena ndisayambe, amjomba?" Ndinamuuza kuti ayambe, koma pa mfundo zitatu. Asadye mpamba, ngakhale kunyumba kutagona njala ya tsiku limodzi. Asanamize kasitomala za mtengo, ngakhale mnzake wa benchi yoyandikana akunamiza. Ndipo mvula ikagwa apite kumunda kwa amayi ake akabzale mbawa m'malire, monga ndinayambira ine mochedwa mu 2010. Mitengo yangayo tsopano yapitirira denga la nyumba, koma sinafike posemedwa, ndipo mwina ine sindidzaigwiritsa ntchito.

M'mawa mwake anafika ine ndisanatsegule. Ndinamupatsa sanza ndi kamvuu kamodzi koti apukute, ndipo ndinamuuza kuti akanunkhize kaye, andiuze kuti ndi mtengo wanji. Anati mbawa. Unali mlombwa. Ndinamuuza kuti akhale pansi, tiyambire pamenepo.